Mphini Zamakala za Likongwe

Padangokhala, kale lomwe nyama za zikhadabo zinkakhala mudzi umodzi, zikusula mivi ndi kumanga nkhokwe ngati ife. Vomerani kuti muli nane, chifukwa iyi ine sindiibwereza.

Pamudzipo padali Likongwe, kanyama kaja kowonda, ka mchira wautali. Iye adali mkamwini. Mkazi wake, Nangondo, adali ndi pakati poyamba, ndipo mwezi wake udali utayandikira. Koma Likongwe, abale inu, pakamwa pokha! Kumunda ulesi, kuuzimba sadapondeko chibadwire, koma alenje akabwera ndi nyama mbale yoyamba kufika idali yake.

Tsiku lina apongozi ake aakazi adaima kuseri kwa nyumba nkumalankhula mokweza ngati akuuza nkhuku.

"Mwana akubwerayu adzaberekedwa ndi chiyani? Ana a anzathu amaberekedwa pa chikopa cha nyama imene bambo wawo wapha yekha. Wathuyu kaya tidzamukulunga m'masamba a nthochi."

Mawuwo adamulasa mtima Likongwe. Adatuluka pabwalo nkukuwa kuti aliyense amve: "Mwana wanga adzaberekedwa pa chikopa cha ntchefu!"

Ntchefu si nyama yoitchula mwachibwana.

M'mawa mwake adapita kwa a Chiuli, mkulu wa alenje, amene thupi lawo lonse lidali zipsera zokhazokha.

"Akulu, ndikufuna kupita nawo kuuzimba. Ndiuzeni zotenga."

"Uta uli nawo?"

"Ndibwereka."

"Asa! Kadule wako. Uuumitse pamthunzi, padzuwa ung'aluka. Nsinga yake uipake phula, ndipo utenge ina yapadera m'thumba. Ikakudukira uli kutchire udzalasa ndi mano?"

"Ndamva. China?"

"Mivi uiwongole pamoto. Ulembe, chiphe cha mivi chija, upake kumbuyo kwa chitsulo, osati kunsonga, kuti ukadzicheka wekha tisakuike m'manda. M'phodo uikemo udzu, mivi isamagundane poyenda. Nyama ili ndi makutu kuposa iwe."

"China?"

"Nsapato zachikopa uziyendere kaye, zatsopano zikutulutsa matuza. Chipanda cha madzi uchidzaze mpaka kukamwa kuti chisamachite phokoso. Kamba wako akhale chimanga chokazinga, zonunkhira ayi. Mpeni, mwala wonolera, luzi lomangira nyama, timitengo topekera moto. Ndipo utape phulusa m'kathumba. Ukaona nyama uwaze pang'ono m'mwamba. Likapita kumene kuli nyamako, zungulira, chifukwa fungo lako lafika kale."

Likongwe adazisunga zonse m'mutu. Pa nzeru pokha ndisamunamizire, adali nazo.

"Basi zatha?"

"Chatsala chachikulu," adatero a Chiuli. Adapisa kudenga nkusolola lumo lakuda, lalikulu ngati tsamba la mango. "Bweretsa mkono ndikutemere mphini."

"Mphini zantchito yanji?"

"Gwape akafa wafa. Koma ntchefu magazi ake safera nayo limodzi. Amadzuka, nkumafunafuna amene walasa kuti akagone m'thupi mwake. Chimenecho ndicho chirope. Mlenje wotemera, magaziwo akafika pamkono amanunkhiza mankhwala nkubwerera kukalowa m'nthaka. Koma wosatemera..." A Chiuli adangopukusa mutu.

Likongwe adayang'ana lumo lija. Munthu ameneyu ngakhale munga womulasa kuphazi ankalira nawo mpaka anansi kutuluka m'nyumba.

"Pepani akulu," adatero, "kwathu mphini amatema ndi malume wako, mlendo saloledwa. Ndithamangireko, mawa ndidzakuonetsani."

Kwa malume kuti? Adangopita kuseri kwa chulu, nkusinja makala, nkusakaniza ndi utomoni, nkujambula timizere pamkono ndi kachitsotso. Mawa lake adabwera atakulunga mkonowo ndi tsamba, akubuula ngati wathyoka nthiti. A Chiuli maso adali atayamba kuchita chidima. Adasuzumira, nkuti, "Malume wako ali ndi dzanja labwino."

Tsiku la uzimba lidafika. Alenje adalawira, ndipo atalowa m'tchire adamwazikana. Likongwe adachita zonse monga adamuuzira. Phodo lake silidalire, chipanda sichidachite phokoso. Ataona ntchefu yaikulu yamphongo, adawaza phulusa, nkuzungulira, nkukwawa, nkukoka nsinga. Muvi udalowa kuseri kwa phewa. Ntchefu idathawa, iye nkumatsata madontho a magazi, ndipo dzuwa lili paliwombo adaipeza itagwada.

Ntchefu idatembenuza mutu nkumuyang'ana.

"Ndiwe walasa?"

Likongwe adayang'ana kumbali.

"Ndionetse mkono."

Iye adaubisa kumbuyo. Thukuta lidali litasungunula kale theka la timizere tija.

"Oho," idatero Ntchefu. Idagoneka mutu pansi nkutsirizika.

Mphepo idaleka. Mbalame zidaleka. Magazi amene adali atadikha pansi pa phewa adayamba kusonkhana okha, nkutalika, nkuyamba kuyenda pansi mondondozana ngati linthumbu. Ndiye magaziwo adayamba kuimba.

Nyimbo yake ine ndimaidziwa, koma m'kamwa mwanga siituluka, musandikakamize. Idali ya mawu aakulu apansipansi, a Ntchefu yemweyo. Inkadandaula kuti dzuwa latentha ndipo ilibe pogona, kenako nkufunsa kuti wapha ndani. Ikafunsa inkaima kudikira yankho, ndipo ntchentche zimene zinkaitsata ndizo zinkavomera, zonse pamodzi.

Likongwe sadachedwe. Adazula muvi wake nkuliyatsa liwiro.

Sadapite patali adapeza Fisi atagona pamthunzi. Fisi sadali mlenje. Ntchito yake idali yonyamula nyama zimene ena apha, choncho palibe adaganizapo zomutemera. Koma m'phodo ankayenda ndi kamuvi kamodzi kokhota, kongodzionetsera.

"Achimwene! Achimwene, mwagona bwanji chonsecho mwapha ntchefu?"

"Ine?"

"Nanga m'mawa simudaponye muvi?"

"Ndidaponyera njiwa."

"Udapitirira njiwayo! Ntchefu ili gone apo. Ine ndimati nditole dzina, koma mtima wandiletsa. Thamangani mukaime pamwamba pake, mukuwe kuti mwapha ndinu, ena asanakulandeni."

Fisi dovu lidachucha. Adathamanga, nkukwera pa nyamayo, nkukuwa: "Ndapha ndine! Ndapha ndine Fisi!"

Nyimbo ija idaduka pakati. Mzere wa magazi udatembenuka, nkukwera mwendo wa Fisi, nkulowa m'kamwa momwe adali atayasamulamo. Fisi adayamba kuseka. Adaseka mpaka misozi, adaseka mpaka miyendo yakumbuyo idafooka, ndipo alenje atafika adamupeza akudzikhwekhwereza akuseka yekha. Nyama ndi chikopa adazinyamula kupita nazo kwa abale a Fisi.

Likongwe adabwerera kumudzi manja lendelende.

"Chikopa chija chili kuti?" adafunsa Nangondo.

"Chikubwera, mayi. Ntchefu zilipo zambiri."

Mumtima ankati, chikopa chapita koma moyo ndatsala nawo. Za Fisi sadazimvere chisoni ngakhale pang'ono.

Mawa lake masana ali kumunda, akunamizira kupalira, adamva ntchentche. Kenako mawu apansipansi aja. Magazi adali atalawa Fisi nkuona kuti mkono wake sudakokepo uta wa nyama yaikulu. Adamutuluka, kumusiya ndi kuseka kwake kumene ali nako mpaka lero. Tsopano nyimbo idasintha funso. Idadandaulanso za dzuwa ndi kusowa pogona, koma sidafunsenso za pakamwa pa munthu. Idafunsa kuti uta uli m'manja mwa yani, ndipo ntchentche zidavomera.

Likongwe adataya khasu. Adathamangira kunyumba, nkutenga uta, phodo, nsapato, chipanda, thumba, zonse, nkudutsa nazo njira yakuseri. Kumeneko adakumana ndi mlamu wake Nkhandwe, mchimwene wa Nangondo, mlimi wofatsa amene ankasirira alenje chiyambire ubwana.

"Alamu, ndimafuna inu."

"Kwagwanji?"

"Ulenje wandikana. Zida izi ndazivutikira, koma zingowolera padenga. Tengani."

"Zonsezi? Ulere?"

"Mlongo wanu mudandipatsa, ine ndikakumaneni uta? Tavalani nsapatozi tione. Eee, ngati adasokera inu! Kolekani phodo. Tsopano kokani nsingayo, muimve kulira kwake."

Nkhandwe, mwana wa eni ake, adakoka nsinga akumwetulira. Likongwe adati akukataya madzi, nkukakwera mumtengo.

Ali m'mwambamo adaona zonse. Mzere wofiira udatulukira m'njira, nkununkhiza mapazi a nsapato, nkukwera uta, nkutsata nsinga, nkulowa pansi pa zikhadabo za Nkhandwe. Nkhandwe adaponya uta pansi. Adayang'ana mudzi wake ngati sadauonepo, nkukweza mphuno kumwamba, nkulira kulira kumene kudatulutsa amayi m'nyumba. Kenako adathawira kutchire, ndipo m'nyumba sadagonemonso.

Apa ndiye ine Likongwe amandinyansa. Mlamu wako weniweni! Koma iye adatsika mumtengo, nkudzisasa, nkuti, "Zida zapita, koma zovuta zatha."

Zidatha kuti? Kutacha a Chiuli adamuitanitsa ku msasa wa alenje, kunja kwa mudzi. Sadamupatse moni. Adamugwira mkono, nkulavulirapo malovu, nkupukuta ndi chala. Chala chidada bii, mkono nkutsala see.

"Makala," adatero a Chiuli.

"Akulu, ndikufotokozereni..."

"Khala chete. Fisi wapenga. Nkhandwe wapenga. Ndipo chirope chamutuluka kale Nkhandwe, ndachimva m'mawa uno chikung'ung'udza kudambo. Wachinamiza ndi pakamwa, wachinamiza ndi zida. Lero chikubwera ndi mphuno, chikufuna fungo la thupi lako."

Likongwe adagwada. "Ndichite chiyani?"

"Njira yatsala imodzi. Tipite pamene idagwera ntchefu. Ukhale pansi, uchiyankhe kuti ndiwe. Chikayamba kulowa ine ndikutemera, osati timizere tiwiri, koma mkono wonse mpaka paphewa, nkuthiramo mankhwala. Udzadwala mpaka mvula itagwa. Mkonowo mwina udzafota. Koma moyo udzakhala nawo, ndipo chirope chidzathera pa iwe."

"Mkono wonse? Ndi lumo lija?"

"Lomwelo. Ndipo kumudzi usapondeko. Mkazi wako matenda amuyamba m'bandakucha, amayi amulowetsa kale m'chikuta. Mwana wakhanda ndi chinthu chanthete, zoterezi zisamuyandikire."

Likongwe adaweramitsa mutu ngati wamva. Koma m'mutumo nzeru zidali zikuyendayenda ngati mbewa m'nkhokwe.

"Akulu, ndingofunsa. Kodi chirope chimagwiranso akazi?"

"Akazi sakoka uta. Chimawadutsa, chimafuna mwamuna."

"Oho. Kakonzeni mankhwalawo, ine ndikudikirani pano."

A Chiuli atangokhota, Likongwe adanyamuka. Ankati mumtima, malo amene mwamuna saloledwa kulowa ndi amodzi okha pamudzi pano, ndipo chirope sichingakafune mwamuna kumeneko. Ndikabisala dzuwa lipendeke, chidzatopa nkulowa m'nthaka chokha.

Adaba nsalu pachingwe nkufunda mpaka kumaso. Adamanga duku. Thupi lonse adadzola mafuta a nsatsi mpaka kunyezimira, nkutafuna masamba owawa kuti ngakhale mpweya wake usanunkhe Likongwe. Adatola ndodo, nkuwerama ngati nkhalamba, nkukagogoda pa chikuta.

Adatsegula ndi a Nungu, azamba a pamudzipo, manja ali otanganidwa.

"Ndani?"

"Ndine zakhali wake wa mwamuna," adatero Likongwe ndi kamawu katsikana kokalamba. "Ndamva uthenga, ndati ndidzaone nawo."

"Lowani msanga, tsekani chitseko. Khalani pakonapo, musatisokoneze."

Adakhala pakona, mumdima, akudzitama mumtima. Kunena zoona mantha adali nawo, komanso chimwemwe. Mkamwini uti adaonapo mwana wake akubadwa?

Dzuwa likukwera, Nangondo adachira.

"Mwamuna!" adatero a Nungu. "Mwana wamwamuna!"

Amayi adati alulute nthungululu, koma a Nungu adakweza dzanja. Mwana sadalire. Adamutembenuza, nkumusisita pamsana, nkumuwaza madzi ozizira. Mwana ankapuma bwinobwino, maso ali tong'o, koma kukamwa kuli chete ngati akumvetsera kanthu.

Likongwe adalephera kupirira. Adasendera kuti aone nkhope ya mwana wake, nsalu nkutsetsereka pang'ono. Nangondo adamuona maso.

"Inu?" adanong'ona. "Mwadzatani kuno?"

"Chete, mayi. Ndikuuzani bwino lino."

"Mwabwera ndi chiyani kuno, bambo ake mwana?"

Asanayankhe, padenga padatera ntchentche imodzi, kenako zambiri. Kunja nkhuku zidaleka kulira. Ndipo kuseri kwa chitseko kudamveka mawu aakulu apansipansi aja. Adadandaula za dzuwa, adadandaula za kusowa pogona, koma ulendo uno sadafunse funso lililonse. Adangonena kuti fungo lafika nawo pakhomo pano, ndipo ntchentche zidavomera mpaka udzu wa denga udanjenjemera.

Mzere wofiira udalowa pansi pa chitseko. Amayi adaunjikana kukhoma. Udafika pa mapazi a a Nungu, nkudutsa. Udafika pa apongozi, nkudutsa. Udafika pa Likongwe nkuima.

Magazi adazungulira mapazi ake, adakwera pang'ono m'mphepete mwa nsalu, adanunkhiza nsatsi, adanunkhiza duku. Kenako adatsika nkumusiya.

Mtima wake udati, ndapambana.

Koma mzere uja sudabwerere kuchitseko. Udapitirira kumphasa. M'nyumbamo mudali mwamuna wina, wosadzola kanthu, wosavala kanthu, amene thupi lake lonse linkanunkha Likongwe.

Nangondo adamufungatira mwana, koma magazi adadutsa pakati pa zala zake ngati madzi nkulowa pamchombo. Ntchentche zidati zii.

Mwana adatsegula kukamwa. Sikudatuluke kulira. Idatuluka nyimbo ija, ndi mawu a ntchefu yamphongo, kuchokera m'kachifuwa kosakwana chikhatho.

Apo ndiye Likongwe adataya nsalu, nkung'amba duku, nkugwada pamphasa atatambasula mkono.

"Ndine! Ndalasa ndine! Mkono ndi uwu, lowa muno! Itanani a Chiuli abwere ndi lumo, ateme mkono wonse, ateme yonse iwiri! Msiye mwanayo, ndine!"

Mwana adaleka kuimba. Adatembenuza mutu nkumuyang'ana bambo wake nthawi yaitali.

"Ndidakufunsa," adatero ndi mawu aakulu aja. "Tsopano ndapeza pogona."

Adadzisolola m'manja mwa mayi wake, nkuima ndi miyendo inayi, mwana wobadwa tsiku lomwelo. Adayenda mpaka pachitseko, chitseko nkutseguka chokha, ndipo adalunjika kutchire osacheuka.

A Chiuli adafika akuthamanga, lumo ndi mankhwala zili m'manja, nkupeza amayi akulira maliro opanda mtembo.

Nangondo yekha sadalire. Adamuyang'ana mwamuna wake nkuti, "Pitani mukanditengere mwana wanga. Musabwere pakhomo pano opanda iye."

Likongwe adapita. Sadabwerenso.

Nchifukwa chake mukamayenda masana, dzuwa lili paliwombo, mumamuona akudumpha njira ali yekhayekha. Amathamanga pang'ono, nkuima ndi miyendo iwiri, nkutchera khutu uku ndi uku. Musamuponye mwala. Nyimbo imene ankaithawa ija, lero akuifunafuna, ndipo siimuimbiranso.

Yanga yathera pomwepa. Amene waika mbatata paphulusa akaione yekha, ine njala yandithera.